Chizungu Chokalamba cha Malemu Adona

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma Chizungu ndili nacho, ana inu, Chizungu chokalamba ngati ine ndemwe! Ndinachitola kwa adona ena a ku Pitoliya, ku Joni uko, omwe ndinawagwirira ntchito zaka zambiri, nkhalamba yoyankhula ngati buku lakale. Kwa iwowo uko kunali yonder, katatu kunali thrice, kupempha kunali beseech. Ine n'kumangomeza, n'kumati ndicho Chizungu cha aliyense.

Adona aja atamwalira ndinagwidwa mantha, chifukwa masiku amenewo ukasowa ntchito pasi yako, chiphaso chokuloleza kukhala m'tauni, inkafa, boma n'kukubweza kumudzi. Ndinalawirira kuchoka ku Atteridgeville, komboni yomwe ndinkagona, n'kukagogoda pakhomo pa adona ena achitsikana.

Atandifunsa komwe ndimakhala, ndinaloza: "Yonder, madamu." Atandifunsa zokolopa, ndinati, "Thrice pa sabata, ndipo ntchitoyi I beseech." Adona anaseka mpaka kugwirira chitseko, n'kunena kuti alibe malo a munthu wotuluka m'Baibulo.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, amuna awo anandiitana ali pakhonde, pensulo kukhutu. Chidyereni kadzutsa anali akulimbana ndi timabokosi todzazamo mawu ta m'nyuzipepala. Anati, "Amayi, tabwerezani liwu lija la katatu." Ndinabwereza, iwo n'kulemba, timabokosi n'kukwana ndendende.

Ntchito ndinayamba tsiku lomwelo, pasi yanga n'kupulumuka. Kukolopa ndinkakolopadi thrice, koma Loweruka tsache linkapuma. Ndinkakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, abwana akufunsa, ine ndikuwayimbira mawu a malemu adona anga limodzilimodzi.