Mpheta Pafupi ndi Nkhokwe

Nyengo yozizira ikafika, kambalame kena kankatsika m'phiri la Ntchisi kudzadya njere za chisoso kumudzi kwathu. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, sankadziwa dzina lake. Ankangoti ka m'phiri. Anandiphunzitsa kukasiyanitsa ndi mpheta: pamimba ndi kachikasu, kunkhope ndi koderako, kumsana kuli timizere. Mpheta tinkaziingitsa pa mawere oyanika. Ako tinkakasiya.

Ndili Sitandade 7, maso a agogo anachita ng'ala. Iwo sananene, ine ndinangoona kuti ayamba kuthira madzi pambali pa mtsuko. Amalume a ku Lilongwe anamva mphekesera. Anatumiza mawu kuti ngati ndi zoona, agogo awatengera kutauni, ine ndikakhale ku Mvera kwa azakhali amene ndinali nditawaona kamodzi kokha, pamaliro.

Amalume anafika Loweruka m'mawa. Tinakhala pakhonde atatu. Mbalame inatera pachitsamba pafupi ndi nkhokwe, amalume n'kuloza.

"Amayi, akuti simukuona. Nanga chatera apocho n'chiyani?"

"Akutero ndani? Ameneyo ndiye akayezetse maso ake," anayankha agogo, akutembenukira kumene kunamveka mapiko. "Ndi ka m'phiri ako. Taona chikasu pamimbapo. Unkakatchera ulimbo uli mbulanda iwe, lero wavala nsapato waiwala?"

Amalume anaseka. Mbalame anali ataziiwaladi. Anacheukira kwa ine.

"Iwe wosalankhulawe, akunena zoona agogo akowa?"

Inali mpheta wamba, yotuwa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Chikasu panalibe ngakhale kadontho. Ndinaiyang'anitsitsa mpaka inauluka.

"Ndi ka m'phiri komweko," ndinatero.

Amalume anadya, anasiya sopo ndi shuga, n'kukakwera minibasi yamasana. Agogo sanandifunse kanthu. Anangondiuza kuti ndikaanule mawere.

Tinakhala m'nyumba muja zaka zina zitatu. Kutchalitchi ndinkayenda patsogolo pang'ono, iwo akutsata phokoso la mapazi anga, ndipo anthu ankati ndine mwana wopanda ulemu. Sukulu ndinapitiriza, sindinasamuke. Agogo anamwalira osaonanso.

Nditakula ndinaperekeza mnzanga kuchipatala, ndipo pamzere panali nkhalamba zambiri zomata diso limodzi. Ndinafunsa namwino kuti zatani. Anati zachotsedwa ng'ala dzulo, mawa zibwerera kwawo zikuona, ndipo ndi ntchito yosatenga nthawi. Ndinamuthokoza, n'kukakhala pabenchi kudikira mnzanga.