Ola Limodzi la Njovu

Bambo anga anachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti wa fodya, ndipo anakalambira ku Lisasadzi asanaonepo njovu. Maso awo atayamba kuchita ng'ala anandiuza kuti, "Mwanawe, ukandionetse njovu maso awa asanatseke." Ine ndinali dalaivala wa bwana wina wagolosale, Msilamu, ndipo Lachisanu galimoto inkangokhala. Ndinaipempha, anandipatsa.

Kunali kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Titalowa m'paki ya nyama zakutchire, msewu unali fumbi lokhalokha, uku ndi uku kuli lupsa. Njiri zinathawa michira ili m'mwamba, bambo n'kuseka mpaka kutsokomola, ngakhale ankangoona zithunzithunzi. Tili pachitunda china anakuwa kuti ndiime. Anatsika ndi ndodo yawo, n'kuwerama pa ndowe zimene zinali pakati pa msewu, n'kupisamo dzanja.

"Zofunda! Zangodutsa kumene. Tidikire pang'ono."

Basi, foni yanga inagwira netiweki pomwepo. Anali mkazi wanga: feteleza wa makuponi wafika kudepoti, mzere wafika kale kumsika. Chaka chapitacho feteleza anatha ife makuponi ali m'manja, ndiye mutu wanga unaima.

"Bambo, kwerani. Njovu sizithawa, tidzabwera chaka chamawa."

"Ola limodzi lokha, mwana wanga."

"Ndati kwerani!"

Ndinawakalipira, ine, bambo anga ondibala, ngati ndikupirikitsa mbuzi m'munda. Anapukuta dzanja pa thalauza n'kukwera.

Feteleza ndinamupeza, matumba awiri, ndipo chimanga chinachita bwino ndithu. Koma pofika nthawi yokolola bambo sankathanso kuona ngakhale khomo la nyumba yawo. Zimandiwawa mpaka lero. Ola limodzi lokha, abale!

Chaka chotsatira ndinawatengadi. Njovu tinazipeza pafupi ndi damu, gulu lonse, ndi ana omwe. Ndinazimitsa injini. Bambo anatembenukira kuwindo, maso ali mbuu, akumvetsera nthambi zikuthyoka.

"Zilipo?"

"Zilipo, bambo. Zambiri."

"Tandiuza tsono, makutu akewo zikuchita nawo bwanji?"

Iwo anafufuza ndi dzanja mpaka anandigwira pabondo.

"Yang'ana bwinobwino, undionere ndi ine. Usafulumire, lero kulibe mzere."