Ndinawasiya alamu anga ndi kabotolo m'manja

Inu owerenga, kujambula ndimakutha, pamenepa sindidzichepetsa. Koma luso lomweli ndi limene linagwetsa geni ya alamu anga, chifukwa ndinachedwa kutulutsa gawo limodzi la nthano yanga.

Ndimakhala ku Mandimba, ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za mabaraka, timagolosale ta m'mbali mwa msewu. Lachisanu lililonse ndinkatulutsa nthano ya zithunzi m'magulu a pafoni, anthu n'kumatumizirana mpaka ku Ngauma. Mwini nkhani anali Abiti Saidi, mayi wa pamitala. Nkhope yake ndinabwereka kwa alamu anga, akazi a achimwene, amene ankagulitsa bajiya, tizitumbuwa ta nyemba, pokwerera shapa, maminibasi a kuno. Mpata wa m'mano, chitenje chawo cha kapulana yofiira, zonse ndinakopera. Iwo ankakondwa nazo, mpaka kumandiseka kuti, “Alamu, mphunoyi mwaikulitsa dala kuti achimwene anu andithawe?” Ogula nawo anayamba kuwaitana Abiti Saidi, bajiya n'kumatha dzuwa lisanafike pamutu.

Tsiku lina ndinatulutsa gawo lothera pamene Abiti Saidi akuthira za m'kabotolo m'phala la mwana wa mkazi mnzake. Ine ndinkadziwa kuti ndi mankhwala a kuchipatala amene mayi a mwanayo ankakana kumupatsa, ndipo gawo lotsatira likanaulula zimenezi. Koma Lachisanu litafika sindinajambule. Anthu ankandichonderera, ine mtima n'kumakoma, ndikuti asiyeni ayambe amva njala. Kenaka ndinapeza ganyu yopenta sitolo ku Cuamba, ulendo. Mawa, mawa, mwezi unatha, wina n'kuyamba.

Chimene sindinaganizire n'chakuti chithunzi chimayenda chokha. Anthu anadula chomaliza chija, cha kabotolo, n'kumatumizirana popanda mawu ake. Chinafika kwa anthu oti nthanoyo sanaiwerengepo, koma nkhopeyo ankaidziwa bwino. Ena anati wojambulayo ndi wa m'banja momwemo, ndiye wasiya chifukwa abale amutseka pakamwa. Kukhala chete kwanga kunasanduka umboni.

Achimwene atandiimbira sanandipatse n'komwe moni, anangoti ndibwere ndidzaone ndekha. Ndinapeza alamu atakhala pamalo pawo, beseni lili lodzaza, bajiya zitazizira. Ndili pomwepo kamwana kena kanaloza beseni, amayi ake n'kukakoka dzanja mwamphamvu. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Alamu sanandikalipire. Anangoti, “Mwandisiya ndi kabotolo m'manja nthawi yonseyi. Ndikatula liti?”

Gawolo ndinalijambula tsiku lomwelo, ndipo ndinene mosabisa, linaposa onse amene ndinatulutsapo. Koma aja anathamangira kufalitsa chithunzi choipa, pofika pa chowayeretsa alamu, mega za intaneti zinawathera. Amene ankatsatira nthano anaseka n'kubwerera kudzagula. Amene anangoona kabotolo sanabwerere. Alamu anasiya bajiya, pano amagulitsa makala, chinthu choti munthu saika m'kamwa.

Ndiye inu amene mumatulutsa nkhani m'zigawo, kaya pafoni kaya pawailesi, mundimvere ine. Mukalonjeza Lachisanu, likhale Lachisanu. Zikavuta, nenani poyera kuti mwachedwa ndi chifukwa chake, pakuti mukakhala duu anthu amalemba okha mathero, ndipo salemba mwachifundo. Musamuike munthu m'matope gawo lomutulutsa musanalimalize. Ndipo nkhope ya munthu wamoyo isiyeni kwa mwini wake.

Ine masiku ano sindiphonya sabata, ndipo Abiti Saidi ndinamupatsa nkhope yongopeka. Alamu anandikhululukira, timadyera pamodzi bwinobwino. Koma chipongwe cha pachilamu chija chinatha. Ndikafika pakhomo amandipatsa mpando, n'kundifunsa mwaulemu kuti, “Mwaswera bwanji, bambo?”