Mlonda wa Chitsulo cha Mumtsinje

A Blackson anafika ku Thyolo akadali mnyamata, kuchokera kwa Apwitikizi, atasenza mphasa ndi khasu basi. Anagwira thangata pa esiteti ya tiyi mpaka msana unakana. Chawochawo padziko pano chinali chimodzi: kadimba m'mbali mwa kamtsinje, momwe akazi awo, a Lestina, ankalima mpiru ndi nzimbe.

Mu 1931 kunabwera mzungu wa boma ndi kalaliki wake. Anazika chitsulo cha mizeremizere pakati pa kamtsinjeko. Poti a Blackson sankadziwa kulemba, anawauza kuti m'mawa uliwonse azidula bango lotalika kulekeza pomwe pafika madzi, kalaliki azidzatenga mwezi ukatha. Akuti boma linkayeza mitsinje yonse ya chigawo kuti lidziwe madzi odzamwa anthu zaka makumi asanu kutsogolo.

Apa mutu wa a Blackson unaima. Madzi a lero amapita lero lomwe, nanga a zidzukuluwo akawasunga mumtsuko wanji? Anafunsa kapitawo wa paesiteti, iye anati za boma safunsa. Anafunsa mphunzitsi wa kutchalitchi, iye anati mwina ndi msonkho wina. Iwo anangogwiritsa chomwe thangata linawaphunzitsa, kuti mzungu akakusungitsa chinthu, chikachepa wakuba ndiwe.

Ndiye chilimwe chitafika, madzi n'kuyamba kutsika pachitsulo paja, mantha anawagwira. Ankaona kuti boma linena kuti a Lestina ndiwo akumaliza madzi pothirira mpiru, n'kuwalanda dimba. Anatuta miyala, naitchinga kumunsi kwa chitsulo, namata ndi dothi, madzi n'kukweranso kufika pamzere wa m'dzinja. Zaka zitatu mabango ankapita ku boma ofanana ngati mapasa. A Lestina ankawaseka kuti akuweta madzi ngati mbuzi, komabe miyalayo ankasenza nawo.

Chaka chachinayi mzungu uja anabwera akumwetulira, mpaka kuwapatsa moni wa m'manja. Kalaliki anamasulira kuti mitsinje yonse imaphwa m'chilimwe kupatula uno, choncho boma lasankha kumanga damu pompano. Dimba limira, iwo asamuke.

A Blackson anavula chipewa, naulula zonse, nawatengera kukaona miyala ija. Mzungu anayang'ana miyala, nayang'ana m'buku lake, kenako anati mapepala anapita kale kwa akuluakulu ndipo sabwerera.

Damu linamangidwa. Dimba linamira ndi mvula yoyamba, koma chilimwe chilichonse damulo linkangokhala matope okhaokha, oti ngakhale mbuzi sizikanamwapo. Banjalo linasamukira kumtunda kwa Nchilamwela, kutali ndi madzi, ndipo a Blackson anakalamba asanamvetse chomwe ankatumidwira m'mawa uliwonse. Chisoni chikawakwana ankafunsa funso limodzi lomwelo.

"Kodi Lestina, tikanawasiya madzi aja atsike, dimba bwenzi tili nalo?"

A Lestina ankangoyang'ana kumbali, poti miyala ikuluikulu ija ndiwo anasenza.