Kaseti ya Anti Esnati

Ndikakumbukira Anti Esnati, ndimamva fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa nsalu yowazidwa madzi, fungo lofunda losakanikirana ndi sopo ndi fumbi la ku Kawale nyengo yadzuwa. Anali mayi wa ku Ntcheu, wosakwatiwa, ndipo ankachita lendi chipinda choyandikana ndi chathu, khonde lathu limodzi. Mkati mwa sabata ankayeretsa zipinda pa loji ina m'tauni. Loweruka masana ankayala bulangeti patebulo, n'kuika wailesi yawo pawindo, n'kuyamba kusita, utsi wa makala ukukwera pang'onopang'ono mpaka kumalata.

Kaseti yomwe ankaikonda inali imodzi, yomwe anawasiyira mlendo wina wa ku loji. Nyimbo zake sizinali zovina. Magitala ankalira mosalekeza ngati mvula ikamabwera kuchokera kutali, ikugunda madenga a ku Biwi isanafike kwathu, ndipo mkati mwa phokosolo munali mawu a mtsikana, otsika, omira, moti sunkadziwa ngati akulira kapena akunyengerera mwana kuti agone. Anyamata ogulitsa makala ankaima pampanda n'kumaseka.

"Anti, wailesi yafa iyo! Tikaitane okonza?"

"Siinafe," ankayankha osadzutsa mutu. "Awa akuimba ngati anthu amanyazi. Muziwamvera chisoni."

Nditakula ndinamva kuti nyimbo zotere amazitcha shugezi, poti oimba ake amaimba atazyolika, maso ali pa nsapato zawo. Gulu la pa kasetiyo linali la achinyamata a m'katauni kena kozizira kutsidya kwa nyanja. Anatulutsa chimbale chimodzi, anthu sanawalabadire, iwo n'kubalalika. Anti sankadziwa zonsezi, komabe manyazi awo anawamva.

Ine ndinali ndi chibwibwi. Ndili mu Sitandade 4, aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndiwerenge, ndipo ndinakakamira pa liwu loyamba lenileni mpaka kalasi yonse inagwa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa. Kusukulu zii, kunyumba ndinkangogwedeza mutu. Amayi anandinyengerera, anandikalipira, anandipempherera. Kenako ndinawamva akuuza Abambo kuti temu ikatha anditumize kumudzi ku Dedza, mwina kumeneko lilime likamasuka. Ndinkaopa kumudzi, koma ngakhale mawu okanira ndinalibe.

Loweruka lina ndinakhala pakhonde, msana nditatsamira khoma la Anti, nyimbo zija zikunjenjemera m'njerwa n'kulowa m'nthiti mwanga. Kunja kunali kotentha, nkhuku zitabisala pansi pa mpanda, mitambo ikuyenda mwaulesi pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Anti anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza wailesi mpaka galasi la pawindo linayamba kulira.

"Tadala," anawerama n'kundiuza kukhutu, "ukumumva mtsikanayo? Palibe amadziwa zomwe akunena. Ngakhale ine. Imba naye. Muno palibe angakumve."

Ndinayamba ndi kung'ung'uza, milomo ili chitsekere. Mawu anga anasowa m'magitala muja ngati kamwala koponyedwa m'chithaphwi. Palibe anatembenuka. Loweruka lotsatira ndinatsegula pakamwa, ndipo popeza Chingerezi cha mtsikanayo sichinkamveka, ndinaikamo mawu anga. Ndinkaimba zomwe ndinkaona: galu wa a landilodi wagona pa phulusa, malaya a Abambo ali pachingwe, minibasi ikuitanira anthu a m'tauni. Pamene ndinkaimba, lilime silinkakodwa. Anti sankandiyamikira kapena kundiyang'ana. Ankangouzira makala, n'kumasita, nthawi zina n'kulankhula okha zawozawo, zoti tomato wakwera, zoti analota ali pa njinga kutsika phiri la kwawo opanda mabuleki koma osaopa.

Ndiye linafika tsiku lija, temu itatsala pang'ono kutha. Nyimbo yomwe ndinkaikonda kwambiri inali pakati, magitala atakwera, ine nditatsinzina. Tsiku limenelo sindinkaimba za galu. Ndinkaimba zomwe zinali pamtima: sindikufuna kupita ku Dedza, ndikufuna kukhala ndi Amayi, ndikufuna kukhala kuno. Magetsi anathima. Wailesi inangoti zii, koma ine, maso ali chitsinzinire, ndinapitiriza mzere wonse, mawu anga okha ali pabwalo, oyera, osakodwa paliponse.

Nditatsegula maso ndinaona Amayi ataima pampopi, ndowa itadzaza, madzi akusefukira pa mapazi awo. Ndinafuna kuthawira m'nyumba. Anti anandigwira phewa ndi dzanja lofunda ndi simbi.

Amayi anatseka mpopi, anabwera, anagwada patsogolo panga, chitenje chawo chikunyowa.

"Unenenso, mwanangu."

"S-s-sindikufuna k-kupita," ndinatero. Chibwibwi chinali chitabwerera, koma mawu anatuluka.

"Supita," anatero Amayi. Anatembenukira kwa Anti, akupukuta m'maso. "Amayi Esnati, nyimbo zanu zaphokosozi, muziyatsa ndithu."

Anti anaseka, n'kubwerera ku malaya omwe ankasita. "Magetsi akayaka," anatero.

Patapita zaka zochepa anasamukira ku Chinsapo, kenako tinamva kuti anabwerera kwawo kukasamalira bambo awo odwala. Sindinawaonenso. Nyimbo zija ndinazipeza pa foni, ndipo ndimazimvera m'minibasi popita kuntchito ku Area 25, mutu nditatsamira pawindo, mashopu a pa Nsungwi akudutsa ngati m'maloto. Ndimadabwa kuti achinyamata aja, kulikonse komwe ali ndi imvi zawo, mwina amaganiza kuti anaimba pachabe.

Chibwibwi ndikadali nacho, ndipo ndine mphunzitsi wa Sitandade 2. Chaka chino m'kalasi mwanga muli kamnyamata, Yamikani, kamene kamakakamira pa dzina lake lomwe. Sindikaimiritsa kokha. Ndimauza kalasi yonse kuti tiwerenge limodzi, mokweza, ndipo ine ndimayenda pakati pa mizere mpaka kufika pambali pake. Pansi pa phokoso la anzake ndimamva mawu ake akuyenda bwinobwino. Sindikayang'ana. Ndimangodutsa, kuti kasadziwe kuti ndamva.