Penate ya ku Bowe

Ine ku koleji ndinapitako, ndinakaona mmene kulili, ndinabwerako. Anthu amati ndinalephera, koma ine ndimati ndinamaliza msanga kuposa anzanga. Chifukwa cha maphunziro amenewa, pagulupu yathu ya pa foni ndine woweruza nkhani zakale. Wina akafunsa kuti mlatho uja unakokoloka nthawi ya mfumu iti, onse amadikira ine. Ndimayankha mwaulemu, m'Chichewa chokhala ndi mpumiro, ndipo mpaka posachedwapa ndinali ndisanadzikayikirepo.

Gulupuyo anatsegula ndi kaputeni wathu wakale, amene pano ali ku Joni komwe amapenta nyumba za eni ake. Muli ife amene tinkasewera mpira limodzi kumapiri a ku Ntchisi tili anyamata. Ambiri salankhula, amangotumiza zithunzi za maluwa m'mawa. Olongolola tinalimo anayi. Ine, kaputeniyo, ndi mnyamata amene ankasewera kumbuyo, wothyola anzake miyendo, amene lero ndi abusa. Wachinayi anali goloboyi wathu, wa kufupi ndi Malomo. Koma iyeyu anadwala sitiroko, ndipo kuyambira pamenepo nambala yake inangoti zii.

Tsiku lina masana, ndikudikira makasitomala pakashopu kanga ka mbewu, nambala ija inadzuka.

“Ankolo nonse, ndine mwana wawo wamkazi woyamba uja. Ndifunse nawo. Kodi adadi anagwirapo penate ku Bowe?”

Kaputeni sanachedwe. “Penate? Mwana iwe, bambo akowo mpira unkawadutsa pakati pa miyendo ngati nkhuku yothawa alendo.” Anawonjezera tinkhope toseka mzere wathunthu.

Mtsikanayo anadikira kuti tiseke timalize, kenako anafotokoza. Anati chidwalireni, bambo ake amakumbukira zinthu koma sadziwa ngati zinachitikadi kapena analota. Tsiku lina anauza alendo kuti angochokera kocheza kwa mkulu wawo, chonsecho mkuluyo anamwalira kalekale. Alendowo anawakonza, mwachifundo ndithu, koma kuyambira tsikulo anasiya kulankhula. Zolimbitsa thupi zimene anawaphunzitsa kuchipatala amakana, akuti palibe chifukwa chokonzera miyendo pomwe mutu unawola. Chatsala pakamwa pawo ndi funso limodzi, ndipo amalifunsa akuyang'ana khoma: ndinagwira kapena ndinalota?

“Chonde musawanamize pofuna kuwasangalatsa,” analemba. “Amadziwa. Amayi anayesa, adadi anakana chakudya.”

Kaputeni anafufuta za nkhuku zija. Kenako, monga anthu akuluakulu amene apatsidwa udindo, tinayamba kukangana za chaka.

Kaputeni anati chinali chaka cha referendamu. Abusa anati ayi, chinali chotsatira, chifukwa akukumbukira kuti anthu othawa nkhondo anali atayamba kufika ku Dzaleka, ndipo dzina la ndende yakale ya andale imeneyo anthu anali atayamba kulitchula mokweza, osayang'ana kumbuyo. Ine ndinagamula kuti onse awiri akunena zoona, popeza chaka chimenecho chinali chachitali kwambiri. Chinayamba wina atanong'ona kuseri kwa chigafa cha fodya kuti zipani zikhoza kuchuluka, ndipo sindikudziwa ngati chinatha.

Achinyamata a lero sangamvetse mmene mitu inazungulirira. Zimene dzulo lake zikanakutengera kosadziwika, lero lake munthu ankazikuwa pa chimkuzamawu ali pamwamba pa lole. Bambo anga ankati akamva zimenezo amatseka zenera, ngati kuti wolankhulayo ali m'nyumba mwawo. Mtsikana wina anabwera kuchokera ku Lilongwe atavala buluku, ndipo msika wa Malomo unaima. Moni weniweniyo anavuta. Ukakweza dzanja unkayenera kudziwa zala zimene watulutsa, chifukwa chala chimodzi chinali chipani, ziwiri chipani china. Agogo ena a m'mudzi mwathu anangosankha kumayenda manja ali kumbuyo.

Ife za ndale sitinkazidziwa. Chimene tinkadziwa n'chakuti timu yathu inalibe yunifolomu, ndipo pamsonkhano uliwonse wa chipani ankagawa nsalu. Choncho tinakhala anthu okhulupirika ku zipani zonse. Lole ikafika, tinkayang'ana kaye zala zimene akweza a kutsogolo, ifenso n'kukweza zomwezo, n'kuimba mokweza kuposa eni ake. Zina tinachita kutenga m'masutikesi a amayi athu. Titasonkhanitsa, tinapita nazo kwa telala wa pakhonde la golosale ku Malomo kuti atisokere majezi.

Telalayo anali munthu wosataya nsalu. Iye sankaona nkhope za atsogoleri, ankaona mayadi. Anadula mmene zinamukomera. Jezi ya kaputeni inali ndi mtsogoleri wina pachifuwa, mdani wake kumsana, wachitatu m'mikono. Ya abusa inali ndi mphumi ya wina yolumikizidwa ndi chibwano cha mnzake, msoko ukudutsa pamphuno, n'kutuluka munthu amene akanaima pachisankho mwina akanapambana. Ya goloboyi anasoka pomaliza ndi zidutswa zotsala. Inali makutu okhaokha.

Mpaka apa pagulupu panalibe mkangano. Ngakhale a maluwa aja anadzuka n'kuyamba kulemba kuti eee, makutu aja! Tinagwirizananso kuti timu ya matenanti a pa esiteti ina ya fodya cha ku Bowe inatiitana, ndipo tinapita pa ngolo ya thirakitala. Tinagwirizana kuti titatsika, anthu a kumeneko anangoti kakasi. Kumeneko ambiri anali akadali a chipani chakale. Akationa kumaso ankafuna kutipatsa madzi akumwa, tikatembenuka ankafuna kutola miyala. Mkulu wina anazungulira kaputeni mwakachetechete, kenako anafunsa kuti, “Ana inu, mwatumidwa ndi yani?”

Zinasokonekera pa penate.

“Ase, penate inaperekedwa koma sinamenyedwe,” analemba kaputeni. “Kunagwa mvula yamatalala, tonse tinathawira m'chigafa.”

“Mvula yanji mwezi wa fumbi?” anatero abusa. “Inamenyedwa. Inapita pamwamba, mpira unakagwera m'nazale ya fodya. Goloboyi sanaukhudze n'komwe.”

“Abusa, inu musalankhule. Penateyo munapalamula ndinu. Munamutchetcha mwana wa eni ake ngati udzu.”

“Munthu wothyola anzake miyendo uja ndinamusiya m'madzi tsiku la ubatizo wanga. Mukamufunse komweko.”

Mmodzi wa a maluwa analowererapo kuti iye akukumbukira mbuzi ikudutsa pagolo. Wina anati tinapambana. Wina anati tinagonja koma tinadya bwino. Wina anafunsa ngati tikukamba za ku Bowe kapena za ulendo wina uja tinasochera m'nkhalango. Mtsikana uja anangolemba kuti, “Ndiye ndiwauze chiyani?”

Apa ndinaona kuti nthawi ya anthu ophunzira yakwana. Ndinapukuta magalasi, ndinauza kasitomala wofuna mbewu ya nyemba kuti abwerenso, n'kuyamba kulemba. Sindinapeke kanthu. Ndinalemba zimene ndimaziona ndikatsinzina.

Ndinati dzuwa linali litapendeka, fumbi lili m'mano. Woyimbira anali kapitawo wa pa esitetipo, ndipo wezulo yake inali yosasa mawu. Womenya penate anali mtenanti wamfupi wochokera kummwera, wopanda nsapato, zala zakumapazi zotambalala ngati tangawizi. Anabwerera m'mbuyo mpaka anthu anamupatukira. Goloboyi wathu analavulira m'manja, makutu onse a pajezi ali tcheru. Mpira unapita kumanzere, pansi, ndipo iye anauluka n'kuukumbatira pamimba, n'kugubuduka nawo mpaka patsinde pa mtengo wa golo. Atadzuka, chigongono chikuchucha magazi, amayi a pa esitetipo analuluta ngakhale kuti sanali wawo.

Ndinautumiza uthengawo. Kenako kaputeni analemba kuti, “Koma mwina ndi zoona. Matalala aja anali a tsiku lina.” Abusa anati akuyamba kuchikumbukira chigongonocho. Mtsikana uja anathokoza, nati akawawerengera bambo ake akadzuka.

Ndinagulitsa mbewu tsiku limenelo ngati munthu amene wapulumutsa mnzake m'madzi.

M'mawa mwake panabwera uthenga wa mawu. Poyamba kunkangomveka mpweya ndi tambala chapatali. Kenako mawu a goloboyi, olemera, lilime likukoka mbali imodzi, koma ake enieni.

“Iwe. Wakoleji iwe. Unaliko iwe?”

Anadziyankha yekha.

“Unali ndi chithupsa. Pathako. Thirakitala sukanakwera. Unagona chafufumimba kwanu, pamkeka, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinabwera ndine kudzakusimbira. Zonsezo ndi zanga. Ndi tangawizi yemwe ndi wanga.”

Kenako kunamveka phokoso limene poyamba ndinaliyesa kutsamwa. Kunali kuseka.

Ndinamvetsera kangapo. Ndinafuna kukana, chifukwa fumbi lija ndimalimva m'mano mpaka lero. Ndinaimbira mlongo wanga wamkulu kuti andichitire umboni. Iye sanandilole n'kumaliza funso.

“Chithupsa chija? Chimene amayi anachikoka ndi botolo lotentha iwe n'kukuwa mpaka agalu a kutsidya anayankha? Ukufuna ndiuze ndani?”

Ndinati asauze aliyense, ndangofunsa.

Pobwerera pagulupu ndinapeza zinthu zitaipa. Kaputeni anali atasintha dzina la gulupu, ndipo sindilemba pano dzina latsopanolo. Abusa anati andiika m'mapemphero, pamodzi ndi mbali yokhudzidwayo. A maluwa, anthu amene nkhaniyi isanabuke anali asanalembepo chiganizo chathunthu, aliyense anali ndi chonena. Wina anati akukumbukira kuti jezi yanga anavala ndi msuweni wa kaputeni. Ndiye kuti ngakhale mkulu uja wozungulira kaputeni sindinamuone ndi maso anga. Ndinakhala pashopu ndikuyesa kusiyanitsa zimene ndinaona ndi zimene ndinamva pa chaka chonse chija, ndipo zinkangosakanikirana ngati mbewu zogwera m'thumba limodzi. Mtsikana wa buluku uja ndinamuonadi? Zenera lija ankatseka ndi bambo anga, kapena bambo a mnzanga?

Ndinayesa kubweza ulemu wanga ndi mfundo. Ndinalemba kuti tiyeni tione bwino nkhaniyi. Mboni yokhayo yoti penate inagwidwa ndine. Ine ndinamva kwa goloboyi. Goloboyi akufunsa ife. Ndiye kuti mlanduwu wazungulira n'kubwerera kwa mwini wake, ndipo palibe chimene tatsimikiza.

“Ankolo, inu simukumvetsa,” anayankha mtsikana uja. “Amayi anapita kukafunsa kwa achemwali anu. Zonse ndi zoona, ndi mtengo wa mapeyala womwe. Adadi akumbukira chinthu chimene nonsenu munaiwala, ndipo achita kukukonzani ndi iwowo. Kuyambira m'mawa sanasiye kulankhula.”

Ndinafunsa ngati akufunsabe za penate.

“Ndawafunsa ndine. Akuti mwina anagwira, mwina anakunamizani poona kuti mukumva ululu. Akuti masiku amenewo bodza ankalitha. Sizikuwadetsanso nkhawa.”

Patapita masiku anatumiza kavidiyo. Goloboyi ali pakhonde, wagwira ndodo ndi dzanja lake labwino, mkazi wake wamugwira m'khwapa. Akukoka mwendo, kuponda, kupuma, kukokanso. Pabenchi pakhala akuluakulu a mpingo amene anabwera kudzamuona, zipewa zili pamaondo. Iye atafika pamapeto pa khonde anaima, n'kuwatembenukira, thukuta lili kamukamu.

“Mukumudziwa wakoleji uja wogulitsa mbewu?” anawafunsa. “Dikirani ndikhale pansi ndikuuzeni.”