Phiko la fani ndi chimanga cha kudimba

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ndipo anakulira m'chigayo changa ku Zingalume. Amake ankadandaula kuti mwanayu azinunkha dizilo mpaka liti, anzake akuphunzira kupeta. Koma ine mumtima ndinkakondwa. Atakula anapita ku Chipata kukaphunzira kuyendetsa makina a pamsewu, ndipo ntchito yoyamba anaipeza kwathu konkuno, pomwe ankaika kalavati pa kamtsinje ka njira ya ku Zemba. Anampatsa kathirakitala kakang'ono ka fosholo kutsogolo, kaja kamatembenukira pamalo amodzi. Ndinauza aliyense wodzagayitsa, ngakhale amene sanafunse.

Tsiku lina m'mawa, mvula ili pafupi, anandiimbira foni mawu ali ouma. Anati makina ayamba kunjenjemera, a kapitawo akuti iye ndiye wawononga injini, moti madzulo anyamule chikwama chake, pamalo pake abwera mwamuna. Ndinatseka chigayo azimayi ali pamzere ndi matumba awo, n'kupalasa njinga. Ndine wosachedwa kupsa mtima, ndipo njira yonse ndinkasula mawu okawalalatira akapitawowo.

Makinawo ankanjenjemeradi. Akawonjezera moto, mpando unkagwedezeka, zitsulo zonse n'kumalira. Aganyu anali ndi zawozawo. Wina anati dothi analikumba pafupi ndi manda, eni ake akwiya. Wina wa mpingo wa m'tauni ankafuna kuisanjika manja injiniyo.

"Zinthu izi si za akazi, bambo," anatero a kapitawo. "Waipha injini mwana wanuyu."

Ndisanayankhe, mwana wanga anandigwira mkono. "Atate, kukwiyako musunge kaye. Onani utsi, suli wakuda. Mphira zokhalira injini ndaziona, zili bwino. Ndikufuna kuchotsa lamba, koma andikaniza kugwira sipanala."

M'chigayo mukayamba kugwedezeka sitithamangira kuimba mlandu injini. Timachotsa lamba n'kuiliza payokha, ndipo ikalira bwino timadziwa kuti vuto lili ku nyundo zoperera. Ndinamphunzitsa zimenezi msinkhu wake usanapose thumba la chimanga, ndipo sindinkadziwa kuti anazisunga. Ndinameza mawu anga onse aja, n'kuwapempha a kapitawo mwaulemu kuti poti akumchotsa madzulo, ampatse sipanala masanawo, sataya kanthu. Analola monyinyirika.

Mwana wanga anamasula lamba wa fani, anaika kapu ya madzi pamwamba pa makina, n'kuliza injini kwa kanthawi. Madzi anangokhala phee. Ndiye kuti injini inalibe mlandu. Atazimitsa anatsegula chotchinga cha fani, n'kupeza phiko limodzi mwa asanu ndi limodzi litathyoka. Anapisa dzanja pansi n'kutulutsa chitsononkho chopserera, maso ena a chimanga akadalipo.

Wina anaphulika ndi chiseko. Aganyuwo anali ndi chizolowezi chogula chimanga chachiwisi kudimba n'kuchisomeka pafupi ndi paipi yotentha ya utsi kuti chipse okha akugwira ntchito. Ankachita zimenezi mwana wanga akatsika kukamwa madzi, ndipo chimodzi chinagwera mu fani. A kapitawo nawo ankadya chimangacho, moti anangoyang'ana nsapato zawo.

Fani yatsopano inayenera kuchokera ku Chipata, koma mitambo inali itayamba kale kuda. Mwana wanga anati tichite za kuchigayo: nyundo imodzi ikathyoka umachotsanso yoyang'anizana nayo, kuti kulemera kufanane. Anafotokozera a kapitawo kuti adula phiko la mbali inayo, azigwira ntchito mopepuka, diso lili pa muvi wa kutentha, mpaka fani ibwere. Iwo anangogwedeza mutu, n'kupita okha kukatenga sowo yodulira zitsulo. Za chikwama sanazitchulenso.

Mwana wanga anagoneka faniyo pa thabwa n'kundiyang'ana. "Atate, gwirani apa. Molimba, musagwedeze."

Amenewo anali mawu anga, omwe ndinkamuuza ali kamwana konyamula nyundo ndi manja awiri. Ndinagwada pafumbi pamaso pa anthu onsewo, imvi zili mbuu, n'kugwira monga anandiuzira. Misozi inalengeza, ndipo ndinanamizira tizitsulo ta sowo. Sindinanyadepo chotero chibadwire.

Atabwezera zonse, makina analira mosalala, iye n'kukwera kukafosholera dothi lake osacheuka. Kalavati inatha mvula isanagwe. Phiko lodulalo ndinalinyamula pa njinga, ndipo lili pa msomali m'chigayo mpaka lero. Odzagayitsa akafunsa kuti n'chiyani, ndimazimitsa injini kuti amve bwino.